Manyazi sagula petulo

Loweruka lapitali ndinalowa mu msika wa Limbe kukagula matimati kwa mayi amene ndakhala ndikuwagula chiyambire kudziphikira ndekha. Dzina sinditchula, akudzidziwa okha, komanso ndikudziwa kuti nyuzi ino amayamba awerenga kaye asanaipereke kwa anzawo a usipa kuti azikulungira. Ndinapereka ndalama yanga ya masiku onse, iwo n'kukhuthulira mulu mu jumbo, tinafunsana za kunyumba, n'kutsanzikana bwinobwino. Kufika kunyumba, kuti ndiwerenge, matimati anayi basi. Chonsecho mulu umenewu chikhalire umakhala wa asanu, kabasela pamwamba.

Abale anzanga a pamsika, chinandiwawa si tomato mmodziyo ayi. Ndikudziwa kuti kumene mukukapikula, kaya ndi ku Bvumbwe kaya ku Lizulu, dengu lakwera, wa lole wakweza, ndipo wa tikiti ya msika sadikira kuti mugulitse kaye. Chinandiwawa n'chakuti mayiwa sanandiuze. Tinasekererana ngati kale, chikhalirecho iwo akudziwa kuti mulu auchotsera. Sindikhulupirira kuti cholinga chawo chinali kundibera. Anachita manyazi basi. Kumuuza mlendo kuti mtengo wakwera n'kosavuta, koma kumuuza munthu amene wakhala akukugula zaka zinayi, pakamwa pamalemera.

Matenda amenewa ndikuwadziwa bwino, chifukwa adatsala pang'ono kupha geni ya alamu anga, amuna a achemwali anga, ine ndikuona ndi maso angawa. Ndiye lero ndiloleni ndikutengeni, tichoke kaye pa benchi, tipite m'mayadi.

Alamu amakhala ku Ndirande, ndipo ntchito yawo ndi yosamalira pabwalo m'nyumba za anthu: kutchetcha kapinga, kudulira mipanda, kudzala maluwa, kuthira manyowa. Adayamba mu 2021 ntchito yaulonda itawathera. Achemwali adatenga ngongole ku banki m'khonde n'kuwagulira makina otchetchera udzu, aja opachika paphewa, ogwirapo kale ntchito. Pofika 2023 n'kuti ali ndi nyumba 10 zokhazikika ku Nyambadwe, ku Namiwawa, ku Chinyonga ndi ku Chitawira. Nyumba iriyonse ankapitako kawiri pamwezi, ulendo uliwonse K10,000. Adalembanso kamnyamata kowathandiza kuwola zinyalala. Ine, monga mukudziwa, olemba nkhani opanda ofesife timalandira nkhani ikatuluka, mwinanso itatuluka n'kuiwalika, ndiye masiku ena ndimavala jombo n'kuwatsatira kukagwira reki kuti ndipeze ya sopo.

Mtengo wa K10,000 uja adauika kumayambiriro kwa 2022. Mu May chaka chomwecho kwacha idagwa ndi 25 peresenti, alamu osakweza. Mu November 2023 a Reserve Bank of Malawi adaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Pasanathe masiku, petulo adachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Alamu osakwezabe. Ndikawafunsa, yankho linali lomwelomwelo: "Alamu, anthu amenewa ndi amene andifikitsa pano. Ndikawayang'ana bwanji kumaso?"

Koma ndalama ilibe manyazi. Ukakana kuikweza pakamwa, imakatuluka pena. Alamu adayamba kuchita zomwe anachita mayi anga a matimati aja. Petulo wogwirira yadi imodzi adayamba kumugawa pawiri. Ankatchetcha bwino kumaso kwa nyumba kumene abwana amaimika galimoto, kuseri n'kungopitamo mwachidule. Mpanda umene ankaudulira ulendo uliwonse adayamba kuudumpha. Manyowa a nkhuku amene adalonjeza ankangoti abwera sabata yamawa. Kamnyamata kaja adakauza kuti kayambe kapuma. Mulu unali kuchepa, mtengo uli womwewo, ndipo iwo ankaganiza kuti palibe akuona.

Kumapeto kwa December, mvula itagwa kale, udzu uli pa liwiro, tidafika pa geti ina ku Nyambadwe. Mlonda adangosuzumira pa kazenera n'kuti: "Abwana akuti basi, apeza wina." Panalibe mkangano wa ndalama. Munthuyo sadapemphedwe ngakhale tambala yoonjezera. Adachoka chifukwa ntchito idaipa. Akulu adati manyazi adapha lambe, ndipo tsiku limenelo ndidaona tanthauzo lake. Alamu ankaopa kutaya kasitomala pokweza mtengo, koma adamutaya posakweza.

Amene adaphulitsa chithupsa ndi achemwali. Usiku wina mu January 2024, titatha kudya, adatulutsa kope la sukulu la mwana n'kuliponya pa tebulo. "Abambo," adatero, "ufa wa m'nyumba muno ndi umene mukutchetchera udzu wa eni ake. Ku banki m'khonde akundiyang'ana ine, osati makasitomala anuwo. Tiyeni tiwerengere, achimwenewa alembe, nanga si anapita kusukulu."

Tidawerengera. Nyumba zidatsala 9, kawiri pamwezi, ndiye kuti maulendo 18. Yadi imodzi, ukaigwira moyenera, imamwa malita awiri. Malita awiri kale anali K3,492, tsopano K5,060. Kusiyana kwake K1,568 pa ulendo, pa mwezi K28,224. Ndiye kuti pa petulo yekha, maulendo pafupifupi atatu mwezi uliwonse alamu ankagwira ulere. Apo sitinawerenge oilo wosakaniza ndi petulo, chingwe chija chodulira udzu chimene chimatha ngati sopo, pulagi, minibasi ya munthu ndi katundu wake. Zonsezi n'zochokera kunja kapena zoyendera mafuta, ndiye dola ikatsokomola nazo zimadwala. K10,000 imene idali madola 8 ndi theka mu October idasanduka madola osakwana 6 mu November, pepala lake lomwelo.

Kenaka ndidafunsa funso limene lidawakhalitsa chete: "Alamu, makinawa akafa mawa, mwasunga zingati zogulira ena?" Panalibe ngakhale kwacha imodzi. Iwo ankati akupeza phindu chifukwa madzulo m'thumba munkakhala kanthu. Zoona zake n'zakuti ankadya makina, pang'onopang'ono, ngati chiswe.

Apa mpamene pali nkhani yonse, ndipo inu a pamsika mukuidziwa kuposa ine. Mtengo suchokera pa ndalama imene unaodera dzulo. Umachokera pa ndalama imene ukaodere mawa. Ukagula katundu K50,000 n'kumugulitsa K60,000, umasangalala kuti wapha K10,000. Kufika kooda, katundu yemweyo ali pa K65,000. Phindu lija liri kuti? Mpamba wadyeka uli m'manja. Amayi ndi abambo a kaunjika amene adaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe mu February 2025 ankalira zomwezi: belo ukaigulitsa yonse, ndalama yake siikwananso kugula belo ina. Wa kapinga naye chimodzimodzi, kungoti belo yake ndi petulo ndi makina.

Usiku womwewo tidagwirizana kuti mtengo ukhale K14,000 kwa makasitomala akale, K16,000 kwa aliyense wobwera kumene. Koma mtengo si umene unali wovuta. Chovuta chinali kanenedwe.

Alamu ankafuna kungotumiza uthenga pa WhatsApp, kuti asaonane ndi munthu. Achemwali adakana. Munthu amene amakutsekulira geti yake, amakusiya pabwalo pake iye ali kuntchito, sumuuza nkhani ya ndalama pa foni ngati ukumuthawa. Upite, ugwire ntchito yako mpaka ithe, kuseri komwe, kenaka upemphe kulankhula naye. Ndipo usamuuze lero kuti lero lomwe alipire zambiri. Munthu wapamwezi ndalama yake amaigawa isanafike. Tidati onse auzidwe mu January, mtengo watsopano uyambe pa 1 March. Mwezi wathunthu ndi masiku, kuti ofuna kufunsa kwina afunse, ofuna kuchoka achoke mwaulemu.

Nyengo nayo idatithandiza. Amene amadziwa kapinga akudziwa kuti kuyambira December mpaka March udzu umakula ngati walodzedwa, sabata ziwiri wafika m'mawondo, udzudzu ndi njoka n'kupeza pogona. Imeneyo ndiye nthawi imene mwini nyumba amaona ndi maso kufunika kwako. Ukakamuuza za kukweza mu June kapena July, kukuzizira, udzu utagona, adzakuuza kuti uyambe wapuma mpaka mvula. Inunso mukudziwa kuti ambulera sakwezedwa mtengo mu October.

China chimene tidapangana n'chakuti mtengo ukhale umodzi kwa akale onse. Makasitomala a alamu ambiri adapatsirana okha, ena amapemphera mpingo umodzi, ena ndi pachibale. Ukauza uyu K14,000, uyo K12,000 chifukwa wakuopseza, Lamulungu lisanathe onse adziwa, ndipo amene analipira zambiri adzaona ngati unamupusitsa. Ndipo tidati asakapepese ngati waba nkhuku. Akanene zoona, mwachidule: petulo anali pakuti, pano ali pakuti, mtengowu sindinausinthe zaka ziwiri, kuyambira March udzakhala wakuti.

Asanu ndi awiri adavomera popanda vuto. Ena adangoti "chabwino", wina adachita kufunsa kuti n'chifukwa chiyani adachedwa chonchi. Masabata onse aja alamu ankasowa tulo poopa anthu amene nawonso amaima pa mzere womwewo wa mafuta ndipo mitengo akuidziwa.

Wachisanu ndi chitatu anali bwana wina wa ku Namiwawa, magalimoto atatu pabwalo. Adamvetsera ali chiimire, makiyi ali m'manja, kenaka adati: "Iwe, udzunso wakwera ndi dola? Udzu umenewu umachokera ku America?" Alamu adavula chipewa n'kuyankha mofatsa: "Udzu ndi wa konkuno bwana, koma petulo amalowera pa Mwanza." Ine ndidatembenukira ku mpanda kuti ndisaseke. Abwanawo adati anyamata a zikwakwa ali mbwee mumsewu, a K5,000. Alamu adathokoza chifukwa cha zaka ziwiri zimene adagwira pamenepo, tidanyamula katundu wathu. Sadatiitanenso mpaka lero. Sindikunamizani kuti aliyense adzavomera. Wina adzapita ndithu, ndipo kawirikawiri si wosauka amene amapita.

Wotsiriza ndiye anali mutu wa nkhani. Mayi wina wamasiye wa ku Chitawira, mphunzitsi wopuma, wodalira penshoni. Iwowa ndi amene adawapatsa alamu ntchito yoyamba, makina asanabwere, akutchetcha ndi chikwakwa. Ndi amene adawabwereka wilibala. Ndi amene adawatchula kwa anzawo ku mpingo mpaka nyumba zidachuluka. Amayi awo a alamu atamwalira, mayiwa adafika pa maliro ndi thumba la ufa. Munthu wotere umamuuza bwanji kuti ndalama yanu yachepa?

Alamu adawasiya kumapeto dala. Tsikulo adatchetcha yadi yonse, adadulira mpanda, adasesa mpaka malo osafunika kusesa. Atasowa china chogwira, adakakhala pa sitepe ya khonde n'kuyamba kuzungulira nkhani, za mvula, za chimanga, za mwana kusukulu. Mayiwo adawadula: "Mwananga, nena chimene wabwerera." Atanena, mayi adakhala chete pang'ono, kenaka adati: "Ine ndimadabwa kuti ukudya chiyani. Shuga ndimagula ndekha, mitengo ndikuidziwa. Koma chimene chinandiwawa n'chakuti kuseri kwa nyumba unasiya kutchetcha bwino osandiuza. Ndimaona ngati wayamba kundipeputsa poti ndine nkhalamba."

Mwamva? Alamu ankati akuwachitira ulemu posakweza. Mayiwo ankaona chipongwe.

K28,000 pamwezi mayiwo adati sangakwanitse, penshoni siikwera ndi petulo. Ndiye adapangana kuti alamu azibwera kamodzi pamwezi, pa mtengo watsopano womwewo, ntchito yonse yathunthu. Kenaka mayi adaonjeza okha: makinawo azigona m'sitolo mwawo masiku amene alamu akugwira ku Chitawira ndi ku Chinyonga, m'malo molimbana ndi makondakitala tsiku ndi tsiku za mtengo wa katundu. Mtengo sudatsike, koma ntchito idachepa poyera, onse awiri akudziwa. Kumeneko si kuba. Kuba ndi kuchepetsa mulu mwakachetechete.

Tiyeni tiwerengerenso. Kale maulendo 18 pa K10,000, ndiye K180,000. Tsopano nyumba 7 kawiri pamwezi, kuphatikiza ulendo umodzi wa mayi aja, maulendo 15 pa K14,000, ndiye K210,000. Ntchito yachepa ndi maulendo atatu, petulo wachepa ndi malita 6, ndalama yakwera ndi K30,000. Kamnyamata kaja kadabwerera. Masiku amene adatsala opanda ntchito adalowamo makasitomala atsopano a K16,000. Achemwali adamaliza ngongole yawo osagulitsa mbale.

Nanga kasitomala wakale apindulanji, ngati naye akukwezeredwa? Funso labwino. Wakale sayenera mtengo wakale, chifukwa mtengo wakale udapita ndi kwacha yakale. Chimene ayenera ndi kuuzidwa msanga, kuuzidwa pamaso, kutsikirako pang'ono poyerekeza ndi mlendo, ndi basela. Alamu amafesa mbande za maluwa ndi za mitengo m'machubu kuseri kwa nyumba yawo. Wakale aliyense amalandira ziwiri zitatu mvula ikamayamba, ulere. Udzu umene atchetcha amawaunjikira pa ngodya kuti uwole ukhale manyowa, osalipiritsa. Zimenezi kwa alamu sizidya ndalama yambiri, koma mwini nyumba amaona kuti ukale wake ukuwerengedwa.

Tsono ndisamveke ngati ndikukutumani kuti mukasende anthu khungu. Pali ena pakati panu, ndipo mukudziwana, amene akangomva mphekesera ya dola amakweza katatu dzuwa lisanalowe, katundu ali yemwe uja wa mwezi watha. Pali ena amene matimati akasefukira, dengu likatsika, iwo mtengo umakhala uli mmwamba ngati mbendera. Pali a mbale zophwanyidwa kunsi ndi a sikelo zimene a Malawi Bureau of Standards atazigwira zikhoza kulira. Amenewo asabisale kuseri kwa nkhani ya alamu anga. Wogulayo naye malipiro ake sakukwera, ana ake nawo akufuna ndiwo. Ngati unamuuza poyera tsiku limene zinthu zinakwera, umuuzenso poyera tsiku limene zatsika. Akaona kuti umatsitsa zikatsika, adzakukhulupirira ukadzanena kuti zakwera.

Ndipo tisadzinamize kuti kukweza ndi kwa kamodzi. Makolo athu amatiuza za February 1994, pamene kwacha idasiyidwa kuti iziyandama yokha, mitengo n'kuyamba kuthamanga. Ife takula tikuona pepala la K1,000 likubwera mu 2012, la K2,000 mu 2016, la K5,000 mu 2022. Nambala ikukula, jumbo ikupepuka. Petulo uja wa K2,530 naye adakweranso mu 2025. Cholakwa cha alamu sichinali kukweza, chinali kudikira zaka ziwiri mpaka kudumpha K4,000 kamodzi. Akadamaonjeza pang'ono chaka ndi chaka, mwina ngakhale abwana a ku Namiwawa sakadadzidzimuka. Masiku ano kope lija limatuluka chaka chirichonse mvula ikamayandikira, amawerengera, ndipo makasitomala adazolowera kuti imeneyo ndi nyengo yokambirana. Akwezanso kuchokera nthawi ija, ndipo manja sanjenjemeranso ngati poyamba.

Inu amene muli ndi anthu anu okhazikika, wa lesitilanti amene amatenga kabichi m'mawa uliwonse, mayi wa mandasi amene amatenga mafuta pa ngongole, mphunzitsi amene amalipira pakutha pa mwezi, khalani pansi usiku uno ndi kope. Lembani zonse, tikiti ya msika, wonyamula katundu, jumbo, zoola, ndi nsima yanu ya masana. Mukapeza kuti kasitomala wanu wokondedwa ndi amene akukudyerani mpamba, si iye wolakwa. Iye sakudziwa. Simunamuuze.

Tsono kwa inu mayi anga a matimati a mu Limbe, Loweruka likubwerali ndibweranso pa benchi yanu, sindikusamuka. Mukandiona mundiuze kuti: "Achimwene, mulu wa asanu pano ndi wakuti." Ndidandaula pang'ono, nanga si ndi mwambo wa pamsika, mwinanso ndinenerera. Koma ndigula. Ngati ndalama yandichepera, nditenga anayiwo ndikudziwa kuti ndi anayi. Kabasela kokha musaiwale.

Tikumanenso sabata yamawa pa tsamba lomwe lino, Mulungu akalola.